Osanja zilembo a pa Khondowe

Achinyamata amene akupanga masamba a pa intaneti pa Rumphi boma, pa Bolero kapena pa yunivesite ya Livingstonia amaiona ntchito yawo ngati yachilendo m'derali, yobwera ndi mafoni amakono ndi malaputopu. Zida zake n'zatsopanodi. Koma ntchito yeniyeniyo, yosanja mawu pa tsamba, kusankha kukula kwa zilembo, kuyeza mipata, kusakasaka zolakwika ndi kutulutsa chinthu choti anthu ambiri awerenge, yakhala ikugwiridwa pamwamba pa phiri la Khondowe kwa zaka zoposa 120. Mbiri ya nyumba yosindikizira mabuku ya pamenepo imakonda kukambidwa ngati nkhani ya mphatso: azungu a ku Scotland anabweretsa makina, naphunzitsa anthu akuda kusindikiza. Ine ndikuona kuti mbiriyi imamveka bwino tikalekanitsa zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimasakanizidwa, luso ndi umwini. Luso linaperekedwa, ndipo linaperekedwa mosaumira. Makina, pepala ndi mphamvu yosankha zoti zisindikizidwe zinakhalabe m'manja mwa mishoni. Zambiri zimene zinachitikira mabuku ndi nyuzipepala za Chitumbuka, zokoma ndi zowawa zomwe, zinachokera pa kusiyana kumeneku.

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anasankha phiri la Khondowe, m'dziko la Aphoka, kuti amangepo sukulu yaikulu imene inadzatchedwa Overtoun Institution. Dzinali linali la Lord Overtoun, mwini fakitale ya mankhwala kufupi ndi Glasgow, amene ndalama zake zinamanga zambiri za pamalopo. Laws anali mwana wa mmisiri wa matabwa wa ku Aberdeen, ndipo iye mwini anagwirapo ntchitoyo asanakhale dokotala ndi m'busa, choncho ntchito zamanja sankaziona ngati zopatsa ana olephera m'kalasi. Anatengera chitsanzo cha sukulu ya Lovedale ku South Africa, kumene kusindikiza ndi kumanga mabuku zinkaphunzitsidwa limodzi ndi ukalipentala ndi zosulasula. Makina osindikizira a mishoniyi anali atayamba kale ntchito ku Bandawe, moyang'aniridwa ndi William Thomson, ndipo sukulu itakhazikika pa Khondowe ntchitoyo inakwera nayo phiri. Kukwera kumeneko sikunali kwa masewera. Katundu ankabwera pa sitima mpaka ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo msewu wa Gorodi wa makhota pafupifupi 20 usanathe kulambulidwa cha m'ma 1905, chitsulo chilichonse, mtolo uliwonse wa pepala ndi bokosi lililonse la zilembo za mtovu zinkafika pamwamba zili pamitu ndi pamapewa pa amtengatenga. Mayina a anthu amenewa sanalembedwe pa chikuto cha buku lililonse, koma popanda iwo palibe tsamba likanatuluka.

Ndi bwino kuima kaye pa ntchito ya wosanja zilembo, chifukwa amene anazolowera kiyibodi sangaiganizire msanga. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, kosungidwa m'kachipinda kake m'thireyi yaikulu yamatabwa, zilembo zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi. Mnyamata ankatola chimodzichimodzi n'kumachiika m'kachitsulo kogwira kumanja kumanzere, mawuwo ali chadodolido ndiponso motembenuka, kotero kuti ankayenera kuphunzira kuwerenga mobwerera. Mzere ukatsala pang'ono kudzaza, ankalowetsa timitovu topyapyala pakati pa mawu mpaka mzerewo utathina ndendende, pakuti mzere wolobodoka unkagwetsa zilembo tsamba likanyamulidwa. Mizere ikakwana tsamba, ankaimanga m'felemu yachitsulo, n'kupaka inki, n'kudinda pepala limodzi loyesera. Wowerenga zolakwika akalemba zizindikiro zake m'mbali, felemu inkamasulidwa, chilembo cholakwika n'kuzulidwa, cholondola n'kulowetsedwa, mzere n'kuyezedwanso. Kusindikiza kukatha, ntchito inali isanathe: chilembo chilichonse chinkatsukidwa ndi kubwezedwa m'chipinda chake, chifukwa zilembo zomwezo ndi zimene zinkafunika pa tsamba lotsatira. Panalinso vuto limene amisiri a ku Edinburgh sankakumana nalo. Zilembo zinkagulitsidwa m'miyeso yoyenera Chingerezi, momwe e amachuluka ndipo k, w, y ndi z zimachepa. Chitumbuka, Chitonga ndi Chinyanja zimadya a, k, u, w ndi m mochuluka, choncho wosanja zilembo m'zinenero zathu ankatha kupeza chipinda china chauma tsamba lili pakati, pamene china chili chodzaza. Ophunzira ntchito zamanja pa Khondowe ankasayina pangano la zaka zisanu, ndipo amene waona kuchuluka kwa zofunika kuzidziwa pa ntchito imeneyi sangati zakazo zinali zambiri.

Wosanja zilembo ankasiyana ndi womanga nyumba kapena wopala matabwa pa chinthu chimodzi chachikulu: ankawerenga chilichonse chimene ankagwira, chilembo ndi chilembo, m'Chingerezi ndi m'zinenero zakwawo. Ankaona mmene mawu olembedwa pamanja, okhwatchidwakhwatchidwa, amasandukira tsamba laudongo limene anthu kumudzi ankaliopa ngati lamulo. Munthu wotere sangakhulupirirenso kuti zosindikizidwa zimagwa kumwamba. Pafupi naye, m'sukulu yomweyo, anzake ankaphunzira kutumiza mauthenga a lamya, chifukwa waya wa kampani ya Cecil Rhodes ya African Transcontinental Telegraph unali utadutsa m'mbali mwa nyanja kulowera ku Karonga, ndipo kampaniyo inkafuna makalaliki. Ena ankaphunzira kutayipa ndi kusunga mabuku a ndalama. Pofika 1905 phirili linali ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, matauni ambiri a m'chigawo chino cha Africa akadali pa nyali. Choncho pamalo amodzi, m'dera limene lero ena amalitcha lakumudzi kwenikweni, panali gulu la achinyamata odziwa njira zonse zimene mawu ankayendera pa nthawiyo: pa pepala, pa waya ndi pa makina otayipira.

Nanga makinawo ankatulutsa chiyani? Mabuku ophunzirira kuwerenga a masukulu mazanamazana a m'midzi, makatekisimu, nyimbo, magawo a Baibulo, mafomu ndi malipoti. Mu 1897 anayamba kutulutsa magazini ya Chingerezi yotchedwa The Aurora, ndipo mu 1908 inabwera The Livingstonia News. Magazini amenewa ankalembera amishoni anzawo ndi othandiza a ku Scotland. Munthu wakuda ankapezekamo kwambiri monga wokambidwa. Panalinso nyuzipepala za chinenero chakuno, Makani m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndi Vyaro na Vyaro pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Ntchito zolemera kwambiri zinkapitabe kunja. Chipangano Chatsopano cha Chinyanja chimene Laws anamasulira chinasindikizidwa ku Scotland mu 1886, ndipo Baibulo lathunthu la Chitumbuka la 1957 linatuluka kudzera ku National Bible Society of Scotland. Amene ankasankha zolowa m'makina anali amishoni, ndipo ndalama za pepala zinkachokera kwa anthu amene ankayembekezera kuwerenga nkhani za kukula kwa mpingo.

Umboni woonekeratu wa kusiyana kwa luso ndi umwini uli pa anthu amene sukuluyi inawaphunzitsa bwino koposa, kenako n'kusemphana nayo. Charles Domingo, amene analeredwa m'nyumba ya Laws ndi kumaliza maphunziro aubusa koma osadzozedwa, atachoka ku mishoni anatsala ndi cholembera ndi positi ofesi. Maganizo ake akuthwa onena za boma, makampani ndi amishoni tikuwadziwa kudzera m'makalata amene ankalembera mmishoni wina, Joseph Booth. Elliot Kamwana, amene anabatiza anthu zikwizikwi ku Utonga mu 1908 ndi 1909 asanathamangitsidwe m'dziko, ankadalira mabuku a Watch Tower osindikizidwa ku America. Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu akuda oyamba a mishoni ya Livingstonia, amene anadzozedwa mu 1914 pamodzi ndi Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, atachoka mu 1933 analemba chikalata chachitali chofotokoza zifukwa zake zogwirira ntchito payekha. Chikalatacho, chimodzi mwa zolemba zozama kwambiri za Mmalawi wa nthawiyo, chinadzatuluka ngati buku mu 1999, kudzera m'mabuku a Kachere a ku Zomba. Mabungwe a anthu akuda, kuyambira North Nyasa Native Association ya 1912 imene Levi Mumba anali mmodzi wa oiyambitsa, ankayendetsa ndale zawo ndi maminitsi ndi madandaulo olembedwa pamanja kapena otayipidwa, n'kuwatumiza kwa bwanamkubwa ku Zomba. Wophunzira wa pa Khondowe amene anakhala ndi nyuzipepala yoyendetsa iye mwini ndi anzake anali Clements Kadalie, ndipo anaipeza atachoka m'dziko muno: anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo mu 1923 bungwelo linayamba kutulutsa The Workers' Herald. Si zangozi kuti mawu amphamvu koposa a mbadwo umenewo anamveka m'makalata, m'mabuku a alendo kapena kutsidya kwa Limpopo, pamene makina anali pompano.

Wina angatsutse kuti kuyankhula motere n'kusayamika. Palibe mpingo, angatero, umene ungasindikize zoutukwana ndi ndalama zake, ndipo amishoni a Livingstonia anachita zoposa anzawo ambiri, pamene boma la atsamunda linalibe ngakhale dipatimenti ya maphunziro mpaka 1926. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindikuona chifukwa chozichepetsera. Popanda mabuku otsika mtengo a pa Khondowe, chigawo cha kumpoto sichikanakhala ndi anthu ambiri odziwa kuwerenga monga chinakhalira nawo, ndipo Domingo, Mwasi ndi Kadalie sakanakhala ndi zida zotsutsira aphunzitsi awo. Koma mfundo yanga siyofuna kupeza wolakwa. Mwini makina wachifundo ndi mwini makina wankhanza amafanana pa chinthu chimodzi, kuti onse ndiwo amasankha. Chifundo cha Laws chinakulitsa mndandanda wa zololedwa. Sichinasamutse mphamvu yolola. Ndipo zimene zimadalira mtima wa munthu mmodzi ndi thumba la anzake zimafooka iye akachoka. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera masukulu a muno mu 1924 linaona maphunziro a pa Khondowe ngati okwera mopitirira zosowa za anthu akumudzi, Laws anapuma mu 1927, chuma cha dziko lonse chinagwa kuyambira 1929, ndipo maloto a sukulu yaikulu ya zaluso anayamba kuchepetsedwa. Pofika 1952, dikishonale ya Chitumbuka, Chitonga ndi Chingerezi ya W. Y. Turner, mmishoni wa Livingstonia yemweyo, inasindikizidwa ku Hetherwick Press ku Blantyre.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemerapo. Anthu akuda analembadi zinthu zimene zinadutsa m'makina a mishoni kapena m'manja mwa amishoni, ndipo zina mwa izo zinasintha dera la Rumphi mpaka lero. Saulos Nyirenda, kalaliki wa lamya wophunzira ku mishoniyi, analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga cha m'ma 1909. Andrew Nkonjera analemba mbiri ya Akamanga imene inatuluka mu 1911 m'magazini ya African Society ku London. Zolembazi zinabwera pa nthawi imene ufumu wa Chikulamayembe, umene Angoni anaugwetsa, unali utangobwezeretsedwa mu 1907 poika Chilongozi Gondwe pampando. M'busa T. Cullen Young anasonkhanitsa nkhanizi ndi zina, natulutsa buku la chinenero ndi mbiri ya Atumbuka-Henga pa makina a pa Khondowe mu 1923, ndipo mu 1931 anamasulira ndi kutulutsa zolemba za Nyirenda m'magazini ya Bantu Studies ku Johannesburg. Yesaya Chibambo naye analemba mbiri ya Angoni, Midauko, imene inawerengedwa m'masukulu kwa zaka zambiri. Kodi umenewu si umboni woti makinawo anali a onse?

Ndikuganiza kuti ukusonyeza mbali inanso ya mfundo yomweyo. Nkhani ya Mlowoka, kholo la mafumu a Chikulamayembe, amene anawoloka nyanja kudzagula minyanga n'kugawa makasu ndi nsalu kwa eni dziko, inali imodzi mwa nkhani zambiri zimene mabanja a ku Nkhamanga, ku Henga, ku Hewe ndi kumapiri a Aphoka ankasimba, banja lililonse ndi yake. Imene inapeza mmishoni woikonda, pepala ndi inki ndiyo inalowa m'kalasi, ndipo ana amene anaiwerenga anakula akuidziwa ngati mbiri ya Atumbuka onse. Akatswiri a mbiri Leroy Vail ndi Landeg White anafotokoza mu 1989 mmene zolemba zimenezi, pamodzi ndi khama la anthu ophunzira monga M'busa Edward Bote Manda, zinakulitsira chithunzi cha ufumu wa Chikulamayembe kuposa mmene mafuko ena ankaukumbukirira. Munthu akhoza kugwirizana nawo kapena ayi pa kukula kwa ufumuwo, ndipo mwambo wa Gonapamuhanya umene umachitika ku Bolero uli ndi mizu yake yeniyeni. Chosakanika n'chakuti Aphoka, amene phiri lawo linanyamula makinawo, sanapeze tsamba lofanana nalo. Anthu akuda analemba, inde, koma chipata chinali chimodzi, ndipo mlonda wake ndiye ankadziwa mlembi woyenera kulowa. Makina akakhala amodzi m'dera lonse, ngakhale zabwino zimene atulutsa zimaphimba zimene sanatulutse.

Nkhani ya chinenero inaonetsa kulimba ndi kufooka kwa dongosolo limeneli nthawi imodzi. M'zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda linafuna kuti Chinyanja chikhale chinenero cha masukulu onse. Mishoni ya Livingstonia, mafumu ndi anthu ophunzira a kumpoto anakana, ndipo chimodzi mwa zimene zinalimbitsa kukana kwawo chinali chakuti Chitumbuka chinali kale ndi mabuku, nyimbo ndi nyuzipepala. Mu 1947 boma linavomereza Chitumbuka pamodzi ndi Chinyanja. Koma mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinenero za dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo chaka chomwecho kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu. Ndikulemba izi m'Chichewa, chinenero chimene chinapindula ndi chigamulocho, ndipo ndikuona kuti owerenga Chichewa ayenera kudziwa mtengo umene anzawo analipira. Kwa zaka 26, mpaka Chitumbuka chitabwerera pa MBC mu 1994, chinenerochi chinapulumukira m'kamwa mwa anthu ndi m'mabuku a mpingo, Baibulo ndi Sumu za Ukristu. Zinatheka kuchitsekereza mosavuta chotero chifukwa njira zake zofalitsira zinali zowerengeka, ndipo panalibe amalonda, mabungwe a alimi kapena magulu a aphunzitsi a kumpoto okhala ndi makina awoawo ndi owerenga awoawo. Zimene zinapulumuka ndi zimene zinali zitasindikizidwa kale zambirimbiri n'kumwazikana m'mabokosi ndi m'matumba a anthu, kumene lamulo silikanatha kuzitolera.

Apa ndi pamene wopanga masamba a pa intaneti angati mbiriyi siikumukhudza. Zida za lero, angatero, zilibe mlonda. Tim Berners-Lee atayambitsa web ku CERN pakati pa 1989 ndi 1991, bungwelo linaipereka kwaulere mu 1993. HTML ndi CSS aliyense angaziphunzire. WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaiyamba mu 2003, ndi pulogalamu yoti aliyense akhoza kuitenga, kuisintha ndi kuigawa, ndipo chida chake cholembera chimene chinabwera mu 2018 anachitcha Gutenberg pokumbukira makina akale omwewo. Mtsikana wa ku Mhuju amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kufalitsa lero zimene Mwasi anadikira zaka 66. Chitumbuka chili ndi Wikipedia yake, ndipo mu 2024 chinalowa mu Google Translate, patapita zaka khumi Chichewa chitalowamo. Kusiyana kumeneku ndi kwenikweni, ndipo ndi kwakukulu kuposa kusintha kulikonse kumene ntchitoyi inaona kuyambira 1894.

Komabe tiyang'ane mmene ntchitoyi imagwiridwira. Tsamba la sukulu, la loji ya alendo opita ku Nyika kapena ku Vwaza, kapena la gulu la alimi a khofi kumapiri a Phoka limafunika zinthu zitatu: dzina lake la pa intaneti, kompyuta yolisunga imene imayaka usana ndi usiku, ndi maonekedwe ake. Mwa zitatuzi, chimene achinyamata ambiri amaphunzira ndi kunyadira ndi chachitatu, kusankha theme, kusintha mitundu ndi zilembo, kuika ma plugin. Limeneli ndi luso la wosanja zilembo, ndipo ndi labwino. Koma dzina lija nthawi zambiri limalembetsedwa m'dzina la amene anapanga tsambalo kapena la bungwe lothandiza limene linalipira, kompyuta yosungira imakhala ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, ndipo lendi yake imalipidwa m'madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, lendi imeneyo inakwera popanda chilichonse chosintha pa tsambalo. Pulojekiti ikatha, kapena wopanga uja akasamukira ku Lilongwe ndi mapasiwedi ake, tsamba limazima ndi zonse zinali pamenepo. Ambiri amathawira ku Facebook, kumene kulibe lendi, koma kumeneko mwini nsanja ndiye amasankha amene aone zolembedwa, ndipo akhoza kutseka akaunti popanda wom'funsa. Amene anamanga pa GeoCities anaona zawo zikufufutidwa mu 2009, ndipo a pa Google+ mu 2019. Anthu a ku Nkhamanga amadziwa bwino moyo wa tenanti pa esiteti ya fodya: luso lonse la kufesa, kupalira ndi kusoka ndi lake, koma munda, shedi ndi sikelo ndi za wina.

Ngakhale zilembo zenizenizo zikadali ndi vuto lofanana ndi la thireyi yopangidwira Chingerezi. Chilembo cha ŵ, chimene Chitumbuka chimachigwiritsa ntchito kwambiri, chili mu Unicode, ndipo chimapezeka m'mafonti ambiri mwa zina chifukwa chinenero cha ku Wales chimachifunanso. Koma mafonti ena okongola amene amabwera ndi ma theme alibe chilembochi, ndipo pamalo pake pamaoneka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. Ma theme ambiri anapangidwira anthu a intaneti yothamanga ndi yotsika mtengo. Chithunzi chimodzi chosachepetsedwa chikhoza kudya bandulo ya wowerenga wa ku Hewe tsamba lisanatseguke. Amene amangodziwa kudina mabatani a theme sangathe kukonza izi. Amene anatsika pansi n'kuphunzira HTML ndi CSS, kuchepetsa zithunzi, kuchotsa ma plugin osafunika ndi kuyesa tsamba lake pa foni yotsika mtengo pamalo a netiweki yofooka, ndiye angasinthe chida chachilendo kuti chitumikire anthu akwawo. Pamenepa luso ndi umwini zimayamba kukumana, chifukwa munthu wodziwa za m'kati akhoza kunyamula tsamba lake lonse n'kulisamutsira kwina, chinthu chimene wophunzira wa William Thomson sakanachita ndi makina olemera ngati aja.

Boma nalo silinasinthe funso lake. Lamulo la zosindikiza la 1947, Printed Publications Act, linkafuna kuti buku ndi nyuzipepala zionetse dzina ndi malo a wosindikiza, ndiponso kuti kope liperekedwe kosungira zakale, ndipo chifukwa cha zimenezi zambiri zosindikizidwa muno zikupezeka ku National Archives ku Zomba. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limafunanso kuti ofalitsa nkhani pa intaneti aonetse mayina ndi ma adiresi awo. Mbali yofuna kudziwa wolemba inasamukira pa intaneti msanga. Mbali yosunga zolembedwa ndiyo yovuta. The Aurora ya 1897 ikhoza kuwerengedwa lero m'malaibulale, pamene masamba ambiri a mabungwe a m'Malawi a zaka khumi zapitazo angapezeke, ngati angapezeke n'komwe, m'zidutswa zimene Internet Archive ya ku San Francisco inatola. Pepala linali ndi ubwino umene sitinauganizire mokwanira pamene tinkalisiya: kope lililonse linali la amene waligula.

Zimene zasinthadi n'zakuti umwini tsopano ndi wotheka pa mtengo umene mpingo wa pamudzi, sukulu kapena gulu la alimi lingakwanitse, ngati lidziwa choti lifunse. Mayina othera ndi .mw amayang'aniridwa m'dziko momwe muno, ndi Malawi SDNP, ndipo dzina, likhale la .mw kapena lina, likhoza kulembetsedwa m'dzina la bungwe lenilenilo, mapasiwedi n'kusungidwa ndi anthu oposa mmodzi monga mmene amasungira siginecha za ku banki. Kope la tsamba lonse likhoza kutsitsidwa mwezi ndi mwezi n'kusungidwa mu ofesi. Synod ya Livingstonia inatsegula yunivesite pa Khondowe mu 2003, ndipo ophunzira a zamakompyuta a pamenepo ndi a ku Mzuzu University ndi ena mwa amene akupanga masamba a kumpoto. Pangano limene amalemba ndi kasitomala, kapena limene salemba, ndilo limanena ngati zolemba za gulu la alimi a ku Mphompha zidzakhalapobe wopanga tsambalo atapeza ntchito kwina, ndipo nkhani ya panganolo iyenera kuphunzitsidwa m'kalasi momwemo mmene amaphunzitsa CSS.